Makutu a Jervaziyo

Anatsika pa chapa cha ku Moatize Lachiwiri, mvula itangokata,
m'manja muli jumbo ndi kalata yopinda kanayi.
Kondakitala anamutsitsa ngati katundu wolipiridwa kale:
"Mayi Felizarida ndinu? Akuti uyu ndi wanu."

Wanga?
Ine ndinali nditaika mwamuna wanga m'manda mu Okutobala,
fumbi la malasha lili m'chifuwa mwake,
ndipo sanandiuze kuti kumigodi kuja anasiyako china chopuma.
Kalatayo sindinaitsegule. Makutu anakwanira,
otambalala, opindika kunsonga,
makutu a Jervaziyo pamutu wa mwana wa mkazi wina.

Ndinamulandira chifukwa msika wonse wa Ulongwe unkayang'ana,
komanso ndimavala chitenje cha bungwe la amayi.
Musanamizidwe, sichinali chikondi chimenecho.
Anali manyazi ovala kolona m'khosi.

Ndinkamugawira mbatata ngati ndikugulitsa,
kuwerenga, kenako kubweza imodzi.
Akakodza pamphasa ndinkachapa nditaluma mano.
Pamisa, akati tipatsane mtendere,
ndinkamugwira nsonga za zala zokha.

Ndinapita kukalapa kwa Padiri Anakleto.
"Bambo, mtima wanga ukumukana mwanayu."
Anandifunsa, "Wadya lero?" Ndinati wadya.
"Nanga mawa?"
Ndinatuluka nditapsa mtima.
Ndinkafuna pemphero lotsegula chifuwa ngati kiyi,
iwo anandibwezera kukhitchini.

Miyezi inapita.
Ndinadziwa kuti bingu likagunda amalowa kuseri kwa matumba a chimanga,
kuti amabisa chigumu m'thumba la kabudula
poopa kuti mawa kudzakhala kulibe,
kuti amayimba akamasamba, molakwitsa mawu.
Sindinafune kuzidziwa zimenezi.
Zinangondimatirira ngati chisoso pachitenje.

Usiku wina wa Febuluwale thupi lake linasanduka mbaula.
Ndinamubereka, mnyamata wa zaka zisanu ndi chimodzi,
miyendo yake ikundigunda m'mawondo,
matope mpaka kuchipatala, patapata imodzi inatsalira m'njira.
Namwino, maso ali pa kaundula, anafunsa,
"Ndinu ndani wake?"
Pakamwa panayankha ndisanapaloleze:
"Mayi ake."

Kubungwe amatsutsanabe mpaka lero.
Mayi Kandida amati chikondi chimagwa kumwamba ngati mvula,
palibe sukulu yake.
Mayi Rozalina amati ndi khasu, umalizolowera ndi matuza.
Ine ndimakumbukira chidebe changa choyamba ndili kamtsikana ku Domwe:
theka la madzi linathera kumsana kwanga.
Madziwo sindinawapange ine,
anali m'chitsime ndisanabadwe.
Koma khosi linachita kuphunzira.

Lachinayi Loyera ndinaona padiri atagwada ndi beseni,
akusambitsa mapazi ong'aluka a amuna a m'mudzi mwathu,
ndipo ndinaganiza za Iye amene anagwada choncho
pamaso pa womupereka, pamaso pa womukana,
osadikira kuti ayambe ayenera.
Ndinayang'ana mapazi anga.
Nanenso ndinafika pakhomo pake ndi jumbo,
makutu anga ali a mlendo,
ndipo sanandiwerengere mbatata.

Musaganize kuti ndinamaliza kalasi.
Dzulo Zefaniya anataya metikali makumi asanu a mchere ndi sopo,
ndinamukalipira ndi mawu amene ndinasungira bambo ake.
Anangoima, makutu aja ali psuu.
Madzulo ine, mzimayi wa imvi, ndinapepesa kwa mwana,
lilime likulemera ngati thumba la feteleza.
Iye anapisa m'kabudula
nanditambasulira theka la chigumu chophwanyika.

Kalata ija idakali pansi pa sutikesi.
Akuti adzandiwerengera yekha akadziwa bwino Chipwitikizi.
Ndikupempha Ambuye kuti tsikulo likadzafika
khosi langa lidzakhale litalimba.